Mfundo za a Shaba

Ana anga ndi adzukulu anga, kope ili ndalemba ndi dzanja langa ndipo likhale m'nyumba muno. Musabwereketse munthu, ngakhale wa mvano. Maina ena ndasintha, ndipo dzina la chipatala sinditchula, chifukwa anthu ena akadali moyo ndipo ana awo ali ndi mafoni. Za ubwana wanga ku Dedza munazimva mpaka kutopa nazo. Pano ndikufuna mudziwe za cholakwa chachikulu chimene ndinachita pa ntchito yanga ya unamwino, kuti musadzachimve kwa ena atachithira mchere.

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate

Bambo anu atamwalira, kalata inabwera yonditumiza ku chipatala chaching'ono m'boma la Mzimba, cha ku Engutwini. Nditafika pa boma, bwana wa ku ofesi ya zaumoyo anandilandira akumwetulira mpaka mano onse panja. Munthu akakumwetulira asanakudziwe, pali chimene akubisa. Ndinachipeza tsiku lomwelo: nyumba imene anandipatsa inalibe loko, ndipo mjigo unali utafa. Maloko ndinagula awiri, makiyi ndikumanga pa ngodya ya chitenje, monga mukundionera mpaka lero.

Pachipatalapo tinalipo atatu. Panali a Banda, amene anthu ankawatcha adokotala, munthu wabwino koma wosapezeka. Inali nyengo ya mawekishopu, ndipo a Banda akamva kuti ku boma kuli maphunziro, ngakhale a kaweruzidwe ka mpira, ankapezeka atavala kale tayi. Panalinso a NyaTembo, mayi wachikulire wa komweko amene ankakolopa, kuwiritsa zida ndi kunditanthauzira Chitumbuka. Kutanthauzira kwawo ndiko kunandidetsa nkhawa. Wodwala ankayankhula nthawi yaitali, akuloza kumwamba, akuloza pansi, akutchula mpaka apongozi ake, ndiye a NyaTembo n'kutembenuka: "Akuti mutu." Ndinkafunsa kuti zina zonsezo zapita kuti. "Zinazo si za chipatala, amama." Ndinaganiza kuti mayiyu akundidya miseche pamaso panga, choncho ndinawachotsa m'chipinda choonera odwala n'kuyamba kugwira ndekha.

Chitumbuka changa chinali cha mawu ochepa, ndipo mwa onsewo ndinkadalira limodzi: yewo. Ndi mawu othokoza, koma ndinaona kuti amatseka nkhani iliyonse. Munthu akalonjera, yewo. Akadandaula, yewo. Akandiuza zimene sindikumva, yewo chomene, iye n'kuchoka wokondwa. Mankhwala nawo anali ochepa ngati Chitumbuka changacho. Miyezi ina m'kabati munkatsala panado ndi mankhwala a chikasu opaka pabala, magolovesi tinkachapa n'kuyanika pa chingwe ngati zovala za ana.

Chaka chachinayi ndili kumeneko, nyengo yokolola

Chaka chimenecho a ku likulu anaganiza kuti ife a chipatala tizigwira ntchito limodzi ndi asing'anga. Ankati anthu akadwala amayamba apita kwa sing'anga, ndipo akamafika kwa ife amakhala atatha kale, makamaka odwala chifuwa chachikulu. Anatiitana tonse ku boma. A Banda anali ku maphunziro ena, ndiye ndinapita ine.

M'holomo mbali ina munakhala ife a mayunifomu oyera, mbali ina asing'anga. Ndinasankha mpando wa pafupi ndi khomo, msana kukhoma. Anatipatsa zakumwa za m'botolo ndi mabanzi, koma changa sindinamwe chifukwa chinabwera chotsegula kale. Mfundo ya msonkhano inali yosavuta: sing'anga akaona munthu amene watsokomola kupitirira masabata atatu, amutumize ku chipatala kuti tikayeze makhololo. Aliyense anapatsidwa kabuku ka timapepala tolembapo dzina la wodwala ndi masabata amene watsokomola.

Pa nthawi ya nkhomaliro anandipeza mkulu wina wamtali, wa imvi, atavala jasi loyera limene linkaposa langa kuyera. Amenewo ndiwo anali a Shaba, sing'anga wamkulu wa dera lathu. Anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo Chichewa ankachidziwa, kungoti akafika pa nkhani yofunika ankabwerera ku Chitumbuka.

"Amama anesi," anatero, "mbwenu tsopano ine ndi inu tili pa ntchito imodzi."

"Ntchito yanga ili ndi satifiketi, bambo."

"Yanganso ili nayo. Agogo anga anandipatsa kutulo." Anayang'ana botolo langa. "Simukumwa?"

"Ndilibe ludzu."

"Mwachita bwino. Inenso changa sindinamwe. Anthu a m'holo muno sindikuwadziwa."

Ndinabwerera ku chipatala kuja ndikudziwa kuti munthuyu ndi woopsa, chifukwa amaganiza ngati ine.

Miyezi inadutsa osaona kapepala ngakhale kamodzi kochokera kwa a Shaba. Ndinakondwa, chifukwa ndinali nditauza kale a Banda kuti sing'anga sangatumize kasitomala wake kwa wina. Kenaka tsiku lina la sikelo, amayi ali mbwee pakhonde, ana akulira, ndinamva belu la njinga pawindo. Anali a Shaba. Anayamba kuyankhula Chitumbuka chothamanga, atanyamula kanthu m'dzanja, akukaloza, akuwerenga ndi zala, akutsokomola mwadala, akulozanso kanthuko. Sindinafune kuyang'anitsitsa chimene sing'anga wagwira. Ndinati, "Yewo, adada." Anapitiriza. Ndinati, "Yewo chomene." Anafunsa kanthu kumapeto, ine n'kugwedeza mutu kuti achoke msanga. Atapita ndinatseka windo n'kutsuka pamene anatsamira ndi sopo.

Chaka chomwecho, nyengo yotentha

Sabata yotsatira kunabwera mayi wina wodwala. Atakhala pansi, anatulutsa kaluzi ka mombo kotalika ngati chala, komangidwa mfundo zinayi. Anakaika pa tebulo langa ndi manja awiri, pafupi ndi dzanja langa, n'kundiyang'ana.

Kwathu ku Dedza munthu akakuikira luzi lomanga mfundo, sakukufunira mafuno abwino. Ndinafunsa kuti wamupatsa ndani. Anayankha mawu amodzi amene ndinawamva bwino lomwe: "A Shaba." Ndinatola kaluziko ndi chopanira cha chitsulo chimene tinkagwirira thonje, n'kukaponya m'chitini chakale cha mkaka, n'kuvundikira. Mayiyo ndinamupatsa panado n'kumuonetsa khomo.

Anayamba kubwera ena. Wina mfundo zitatu, wina zisanu ndi imodzi. A Banda sindinawauze poopa kuti akakamba ku wekishopu. A NyaTembo sindinawauze chifukwa ndinkawakayikira kuti ndi amene amauza a Shaba masiku amene ndili ndekha. Ndinkangowerenga mfundozo ndikuyesa kumasulira. Kodi akumanga lilime langa? Miyendo? Kapena kukwezedwa kwanga pa ntchito, kumene kunali kutamangika kale popanda thandizo la sing'anga?

Mwa anthu onsewo mmodzi anabwera katatu. Dzina lake ndimutcha Yotamu. Anali bambo wa ana awiri amene ankacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo anabwerera kumudzi ataonda mpaka lamba kuboola mabowo atsopano. Ulendo woyamba kaluzi kake kanali ndi mfundo zitatu. Ankatsokomola, ndipo monga mwa ntchito ndinamufunsa kuti wayamba liti. Anangoloza kaluzi kaja. Ndinafunsanso mokweza. Analozanso kaluziko, nthawi ino akugogoda pa tebulo. Ndinaona kuti akundiopseza. Panado, khomo. Ulendo wachiwiri mfundo zinali zisanu. Wachitatu zinali zisanu ndi zitatu, ndipo ndinati basi, msampha ukuyandikira kufwamphuka.

Apa ndisadzikhululukire. Munthu woonda chotero, wotsokomola chotero, ndikanamuona pa wodi ina iliyonse ndikanapempha makhololo ake asanakhale n'komwe pansi. Ndinali ndi zaka zambiri pa ntchito. Koma maso anga anali pa luzi, munthuyo sindinamuone.

Madzulo a tsiku limenelo ndinanyamula chitini kupita nacho ku dzenje lotenthera zinyalala kuseri kwa chipatala. Ndinathira parafini, ndinayatsa, ndinaimba nyimbo ya m'buku ndime zonse zinayi. Ndinagona bwino kwambiri.

Patapita masiku asanu, m'mawa anthu ali pamzere, ndinaona a Shaba akukankha njinga. Pa kaliyala panali Yotamu, atamangidwa ndi chitenje kuti asagwe. A Shaba anaimika njinga, anamasula munthu wawo, anamukhazika pa benchi, anavula chipewa. Nthawi ino anayankhula Chichewa, pang'onopang'ono, kuti mzere wonse umve.

"Amama anesi, ndapota nanu, ndiuzeni. Kodi boma lasintha? Chifuwa chachikulu masiku ano chikuchira ndi panado?"

"Bambo Shaba, musandiyese mwana. Zimene mwakhala mukunditumizira ndaziona."

"Mwaziona! Mbwenu zili kuti?"

"Ndatentha. Ndipo ndinapemphera."

A Shaba anatembenukira kwa a NyaTembo, amene anali ataima ndi chokolopera, n'kuyankhula nawo m'Chitumbuka. A NyaTembo anayamba kugwedezeka mapewa. Anatsamira chokolopera. Kenaka anakhala pansi penipeni, pamalo ponyowa, akuseka mpaka misozi.

"Amama," anatero atapeza mpweya, "mwatentha makalata."

Nkhani yake inali iyi. Timapepala ta ku boma tija a Shaba anayamba kutigwiritsa ntchito bwinobwino, mdzukulu wawo wamkazi akuwalembera. Koma dera lija ndi la alimi a fodya, ndipo pepala lofewa ngati limenelo silipezeka wamba. Amuna ankanyamuka nalo, pofika pa mlatho n'kupichiramo chingambwe. Munthu wa chifuwa ankasuta kalata yake yomutumiza ku chipatala, n'kubwerera kwawo poona kuti alibenso chokaonetsa. Amayi nawo ankalandidwa mapepalawo ndi amuna awo. Ndiye a Shaba anaganiza za kalata yosasutika: kaluzi, mfundo iliyonse sabata imodzi ya kutsokomola. Zonsezi anadzandifotokozera pawindo paja. Funso lawo lomaliza linali lakuti, "Mwamvetsa, kapena tiitane NyaTembo?" Ine n'kuti yewo.

"Ndinapita kunyumba ndikuyamika," anatero a Shaba. "Ndinauza akazi anga kuti nesi wa Chichewa uja ndi wanzeru, wamva kamodzi."

"Nanga odwalawo osanena bwanji?"

"Anene chiyani? Munthu wapereka kalata, inu mwailandira ndi chitsulo mwaulemu, mwaisunga m'chitini, mwavundikira. Ankati ndiyo faelo ya boma."

Mzere wonse unaseka, ngakhale amene anabwera ndi malungo. Amene sanaseke ndi Yotamu yekha, chifukwa akayesa kuseka chinkabwera ndi chifuwa, ndipo pa kansalu kamene anatseka pakamwa ndinaona magazi. Manyazi ndinawaika pambali. Tsiku lomwelo ndinakaimitsa lole ya matabwa pamsewu n'kumuperekeza ndekha ku boma. Makhololo anaonetsa chimene aliyense, kupatula ine, ankachidziwa kale. Anthu ena aja a timaluzi a Shaba ankawakumbukira onse ndi midzi yawo, ndipo tinawalondola mmodzimmodzi. Awiri mwa iwo anapezeka nachonso.

Chaka chomwecho, mvula itayamba

Yotamu anagona ku boma masabata awiri n'kumutulutsa. Apa ndi pamene panali povuta. Mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa miyezi yambiri osadumphitsa, ndipo lamulo linali lakuti wodwala azimeza pamaso pa munthu womuyang'anira, amene timamutcha gadiyani, iye n'kumachonga pa khadi. Munthu akasiyira panjira, matenda amabwerera okwiya, osamvanso mankhwala. Mkazi wa Yotamu anali atapita kwawo ndi ana poganiza kuti ndi matenda ena aja amene anthu sankawatchula dzina. Mayi ake anali osaona. Kwawo kwa Yotamu kunali mtunda wa maola atatu, kuwoloka mtsinje umene unkadzadza nthawi ya mvula, ndiye zoti azibwera kwa ine tsiku lililonse zinali zosatheka. Iye ankakhala m'kanyumba ka odwala kwa a Shaba.

Ndinafunsa a Banda. Anali akupukuta nsapato. "Mayi, nkhani imeneyi ndi yofunika kwambiri. Ndikaifunsa ku maphunziro. Pakali pano onani inu chochita."

Ndinalingalira masiku awiri. Kupereka mankhwala a boma m'manja mwa sing'anga! Ndinkaona m'maganizo akuwasinja mu mtondo, akusakaniza ndi mizu, akugulitsa kuti ndi mankhwala a ku Joni. Ndinkaonanso akumwetsa Yotamu zosanzitsa zawo zija, mapiritsi onse n'kuthera pansi. Zikanatero mlandu unali wanga. Koma ndikakana, Yotamu analibe wina, ndipo ndinali nditamudyera kale masabata asanu. Tsiku lachitatu ndinawaitanitsa a Shaba, ndipo a NyaTembo ndinawakhazika pakati pathu ndi lamulo lakuti atanthauzire mawu onse, ngakhale amene si a chipatala.

"Zosanzitsa ayi," ndinatero.

"Ayi."

"Kutema mphini ayi. Magazi alibe kale."

"Mphini ndisiya. Koma chithumwa cha m'chiuno mwake chikhala."

"Chichoke."

"Amama, kodi chithumwa chimalowa m'chiwindi?"

Ndinaganiza. Sichilowa. "Chikhale. Koma khadi muzichonga tsiku lililonse, atameza, osati asanameze."

"Ndipo inu," anatero a Shaba, "makalata anga muziwerenga, osati kuwaimbira nyimbo."

A NyaTembo anatanthauzira chiganizo chimenecho kawiri, ngakhale chinali m'Chichewa.

Ndinawapatsa mankhwala a masabata awiri. Koma musaganize kuti ndinawakhulupirira. Khadi munthu angathe kuchonga mwezi wonse atakhala pansi pa mtengo. Ine ndinali ndi mboni ina. Mwa mapiritsi a miyezi yoyambayo muli ena amene amafiiritsa mkodzo, umaoneka ngati madzi a m'dambo la katondo. Munthu akamwa, thupi limaulula. Akapanda kumwa, limaululanso. Ndiye ndinkanyamuka osauza munthu, tsiku losiyanasiyana, ndi kabotolo m'chikwama. Ndikafika ndinkamuitanira Yotamu kuseri n'kumuuza kuti ndi zoyeza za boma. Ulendo woyamba, wofiira. Wachiwiri, wofiira. Zinandikhumudwitsa pang'ono.

Ulendo wachitatu ndinadzera njira ya kumunda kuti asandione. Ndinawapeza a Shaba ataima pabwalo, atakweza botolo lawolawo kudzuwa, diso limodzi atatsinzina.

"Fikani, amama. Lero musavutike, ndayeza kale. Wofiira chomene."

"Mukuchita chiyani ndi zimenezo?"

"Zimene mumachita inu. Ku Joni mnzanga wina ankamwa omwewa, ndiye mtundu wake ndimaudziwa. Ndimayang'ana m'mawa uliwonse."

"Simukumukhulupirira Yotamu? Si amameza inu mukuona?"

"Yotamu ndimamukhulupirira. Koma mapiritsi ochokera kwa munthu amene anamupatsa panado katatu? Tsiku limene udzayere, mbwenu ndidzadziwa kuti mwatipatsa choko."

Ndinafuna kukwiya, koma ndikanakhala iwo ndikanachita chimodzimodzi. Anandipatsa mpando, ndinaugwedeza kaye ndisanakhale. Akazi awo anabweretsa chinangwa chophika, ndinati ndadya kale.

Chaka chachisanu, nyengo yozizira

Yotamu anamaliza mankhwala osadumphitsa tsiku. Masaya anabwerera, ndipo mkazi wake atamva kuti akukwanitsa kunyamula thumba la chimanga, nayenso anabwerera. Kunatsala kuyeza komaliza, kumene kumanena ngati munthu wachiradi. Zotsatira zitabwera kuchokera ku boma ndinapita nazo ndekha, a NyaTembo akundiperekeza. Tinakhala pabwalo la a Shaba, Yotamu atakhala pa mphasa. Ndinatsegula pepala n'kuwerenga kuti m'makhololo simunapezeke kanthu.

A Shaba anatambasula dzanja. Anatenga pepalalo, analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kulipereka kwa a NyaTembo. "Tawerenganinso inu. Amamawa ndi makalata sagwirizana."

"Musavutike," ndinatero, n'kutulutsa pepala lachiwiri. "Makhololo ndinatumiza m'timabotolo tiwiri. Kena ndinalemba dzina lake, kena dzina lopeka. Anyamata oyeza aja sindiwadziwa."

"Onse awiri atuluka bwino?"

"Onse awiri."

"Mwachita bwino. Koma mukanatumiza masiku osiyana. Akakhala kuti makina awo anali ataonongeka tsiku limenelo?"

"Ndinatumiza masiku osiyana. Mukundiyesa ndani?"

"Pa galimoto imodzi?"

Tinali tikukangana za galimotoyo pamene Yotamu anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Pepani akuluakulu," anatero. "Ine ndachira, kapena?"

Tinamuyankha pamodzi, ine m'Chichewa, a Shaba m'Chitumbuka, ndipo a NyaTembo akuti mawu ake anali amodzimodzi: "Wachira. Khala chete, tikukambirana."